Chivundikiro cha a Leni

Tadala ndi Mphatso, ana anga, pa Khirisimasi yapitayi munandiona ndikukalipira mlendo, chinthu chimene sindinakuphunzitseni. Mkazi wa Mphatso, mwana waulemu ndithu, anatsitsa chinthu chakuda chija chimakhala pamwamba pa kabati, n'kutenga sopo kuti andithandize kuchitsuka, ine n'kukuwa ngati waponda mwana. Ndinamupepesa, koma sindinafotokoze. Pakamwa sindingathe, chifukwa ndikayamba nkhani mumandiyankha m'Chingerezi, ine n'kutaya mutu wake. Ndiye ndalemba. Muwerenge pang'onopang'ono, Chichewa sichiluma.

2001, Gaithersburg

Ntchito yanga yoyamba kuno inali kunyumba yosungira okalamba ku Gaithersburg. Kumudzi ndinali nditathandiza anamwino zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pachipatala cha mishoni ku Ntcheu, koma pepala langa la kumeneko kuno analiyang'ana ngati lokulungira mandasi. Ndinabwerera m'kalasi ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, kukhala pamodzi ndi atsikana oti n'kukhala ana anga, kuphunzira kusambitsa munthu, ine amene ndinasambitsa anthu osawerengeka. Ndinapirira mpaka satifiketi ndinaitenga. Ndinkaganiza kuti ku Amereka kulibe kusowa, koma abale, kusowa kuliko, kungoti kumavala bwino. Manja ndiwo ankasowa. Tsiku lina mnzako sanabwere, khonde lonse n'kukhala lako, mabelu kulira uku ndi uku, iwe mmodzi. Gogo akufuna kukuuza za mwana wake, iwe maso ali pawotchi. Zimenezi zinkandidya mtima, moti nditamva kutchalitchi kuti kuli kampani yotumiza anthu kukasamalira odwala m'makomo mwawo, wodwala mmodzi wosamalira mmodzi, ndinapita osachedwa.

Bwana wanga kumeneko anali a Dona, mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa basi, faelo kukhwapa nthawi zonse. Sanali woipa, ayi. Koma anali munthu wa pepala. Tsiku loyamba anandiuza zinthu ziwiri: chimene sichinalembedwe papepala la dokotala ndisachite, ndipo chilichonse chimene ndachita ndilembe mu lipoti, ngakhale chochititsa manyazi. Ndinavomera zonse ziwiri ndi mtima umodzi, osadziwa kuti tsiku lina ndidzasunga chimodzi chokha.

2003, Rockville

Ananditumiza ku Rockville, kwa bambo wina wotchedwa Leni, wodwala mtima ndi shuga, maso akuyamba kuchita chifunga. Mkazi wawo anali atamwalira, mwana wawo mmodzi yekha, Kareni, ankakhala kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Atanditsegulira chitseko ndinatsala pang'ono kubwerera. Bambo wa imvi, woonda ngati bango, tsitsi lalitali atalimanga kumbuyo, kukhutu ndolo! Mumtima ndinati, Ambuye, mwandibweretsa kwa ndani? Iwo anati ndiziwatchula Leni basi. Ndinakana. Munthu wamkulu sindingamutchule dzina lopanda kanthu ngati mbuzi. Ndinati, "Mukhala a Leni." Anafunsa kuti "a" ameneyo ndi wa chiyani, nditawauza kuti ndi ulemu anati aka n'koyamba kupatsidwa ulemu popanda kuupempha.

Mlungu woyamba ndinalemba mu lipoti kuti manja a wodwala akunjenjemera kwambiri. Zala zawo sizinkakhazikika: patebulo, pabondo, pamphepete mwa mbale, ngakhale posamba. A Dona anathamanga kudzaona, n'kuwafunsa kuti kunjenjemeraku kunayamba liti. A Leni anaseka mpaka kutsokomola. "Kunayamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Sindikunjenjemera, mayi. Ndikuimba ng'oma." A Dona anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Wailesi yawo inkakhala pa siteshoni imodzi, ya nyimbo za roko zakale. Ine, mayi wa kwaya chiyambire utsikana, ndinkamva ngati anthu akugwetsa malata. Magitala kulira ngati amphaka, woimba kukuwa ngati wapsa ndi phala. Koma chondidabwitsa, mwini wailesiyo sankamvetsera mwamtendere, ankakangana nayo. "Omwewa, omwewa!" ankatero. "Tsiku ndi tsiku nyimbo zomwezi, ngati anthu ena kunalibe." Nthawi zina ankaloza wailesi ndi supuni: "Uyu akumutamayu, Esinala, ankaima kumbali kwa nsanja kuonerera Fulanki, wa gitala wathu, kuti zala amaziika pati." Ndinkangoti eya, eya, n'kumawapatsa mankhwala, ndikuganiza kuti ndi zokamba za ukalamba.

Tsiku lina masana, ndikusita, anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Pa wailesi panali nyimbo ina imene ngakhale ine ndinali nditaimvapo m'masitolo. Anati, "Ng'oma zimenezo ndi ine." Ndinati, "Inu a Leni, musandinamize." Anati woimba ng'oma wa bandi yotchukayo tsiku lojambula analedzera, iwo n'kuitanidwa, n'kuimba, n'kulipidwa za tsikulo, basi. Ndinati ndiye tidikire, muulutsi atchula dzina lanu. Anati, "Dikira." Nyimbo inatha, muulutsi anatchula eni bandi, n'kuyamba kutsatsa matayala. A Leni anangomwetulira, koma ine ndinapsa mtima, mpaka kolala ya malaya awo ndinaiwaula.

Apo ndi pamene ndinayamba kufunsa, iwo n'kumasuka. Bandi yawoyawo inali ya anyamata asanu. Dzina lake m'Chichewa tingati Galu wa Lachiwiri. Ndinawauza mosabisa kuti ndi dzina lotere ngakhale kumudzi sakanatchuka, iwo anati Joni, woimba wawo, ndiye analisankha, ndipo poti anamwalira sangadziteteze. Anayenda zaka zisanu ndi ziwiri m'galimoto imodzi, kugona mokhala, kuimba m'mabala ndi m'maholo. Mabandi akuluakulu ankawatenga kuti aziyamba iwo, anthu akadali pamzere wa mowa. Anajambula zimbale ziwiri, koma chachiwiri chitangotuluka kampani yake inagwa, zimbale n'kutsalira m'makatoni. Aliyense analowera kwake, a Leni n'kukhala wokonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'maofesi mpaka kupuma. Pomva zimenezi ndinakumbukira amuna aja kwathu, a banjo yachigubu, amene nyimbo zawo tinkadzuka nazo pa wailesi m'mawa uliwonse, koma atamwalira tinamva patapita chaka, ena osamva n'komwe. Ndinawauza a Leni, iwo anati, "Ndiye kuti tili ndi abale ku Malawi."

2004

Tsopano ndifike pa tchimo langa. Ng'oma zawo zinali m'chipinda chapansi, chotsikira masitepe khumi ndi atatu. Nthawi imeneyo ankatha kutsika okha atagwira chitsulo, ndipo Lachitatu lililonse masana ankatsika, kutseka chitseko, ine n'kumamva kugunda kwapansipansi ndili kukhitchini. Sindinkatsikako. Koma tsiku lina Kareni anabwera kudzawatengera kwa dokotala wa maso, ine ndinatsala ndekha, ntchito yonse nditamaliza. Mukundidziwa, sinditha kukhala manja ali pamiyendo. Ndinati lero ndikakolope pansi paja.

Nditayatsa getsi ndinagwira pakamwa. Makoma onse anakhomamo makapeti akale ndi mathireyi a mazira, kuti phokoso lisatuluke. Pakati panali ng'oma, ndipo mozungulira, pamitengo yachitsulo, panali zinthu zamkuwa zozungulira zimene amazimenya pamodzi ndi ng'omazo. Zili ndi dzina lake la Chingerezi, koma ine ndinangoona zivundikiro za mapoto akuluakulu, ndipo mpaka lero ndimaziti zivundikiro. Zinalipo zisanu, zakuda bii, pena zobiriwira, zala zili mbwee m'mphepete. Ndinamva chisoni. Ndinati taonani nyumba yopanda mkazi, bambo wa ulemu wake kumagwira zinthu zauve chonchi, mwana wake osaona n'komwe. Kwathu mkazi amadziwika ndi kuwala kwa mapoto ake, ndipo amayi anga anandiphunzitsa kukwecha mpaka poto aonetse nkhope. Ndinatenga sitiliwulo, mandimu ndi sopo waufa, n'kukhala pansi miyendo tambalale. Maola atatu, ana anga! Ndikuimba nyimbo za kwaya, thukuta kamukamu. Pomaliza zinkawala ngati zagolide. Ndinazibwezera m'malo mwake n'kukhala phee kudikira kuyamikidwa.

Kareni atawasiya n'kupita, ndinati, "A Leni, tsikani mukaone." Anatsika, ine pambuyo. Kenako anatola kamtengo n'kumenya chivundikiro chachikulu kamodzi. Chinalira mokwera, mobaya m'makutu, osafuna kusiya. Anachigwira kuti chikhale chete, n'kukhala pampando wawo, ndipo ndinaona misozi ikutsika. Anati, "Esinala, wachotsa zaka makumi atatu ndi zisanu."

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anandifotokozera mofatsa kuti chimene ine ndinkati litsiro ndicho chinkapatsa zivundikirozo mawu ake, ofewa, akuya, ndipo oimba ng'oma amasirira zakuda, zowala ndi za ophunzira. Anati m'kudamo munali utsi wa mabala onse amene anaimbamo, ndi thukuta lawo. Kenako analoza mphepete mwa chachikulu chija. Anati nyimbo ikamatha, Joni ankatembenuka n'kuchigwira ndi dzanja kuti phokoso lidukire pamodzi ndi mawu ake, usiku uliwonse malo omwewo, ndipo zala zake zinali pamenepo. Joni anali atamwalira kalekale. Ine ndinali nditamukwecha ndi sitiliwulo.

Ndinagwada. Sindinaganize n'komwe, maondo anangopita okha pansi monga timachitira kwathu ukalakwira wamkulu, ndikulira, ndikupepesa m'Chichewa. A Leni anachita mantha kuposa ine. "Dzuka, dzuka! Ukutani? Kuno sitigwadirana!" Ndinati sindidzuka mpaka andiuze mankhwala obwezera kudako, ndikagula ndi ndalama zanga. Anapukuta m'maso, n'kuyamba kuseka pang'ono. Anati, "Mankhwala ake kulibe. N'kuzimenya basi, ndi kuzigwira. Ndiye popeza wachotsa zala za Joni, uziikapo zako."

Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse tinkatsika awiri. Ankaika chimbale cha bandi yawo, iwo n'kumatsatira ndi ng'oma, ine nditaima pambali pa chivundikiro chachikulu. Nyimbo ikamafika kumapeto ankandigwedezera mutu, ine gwi! Poyamba ndinkachedwa kapena kufulumira, iwo n'kumati Joni ngakhale ataledzera sankaphonya chonchi. Ndinkawabwezera kuti Joni sankawaphikira. Pang'ono ndi pang'ono malata aja anasanduka nyimbo. Ndinayamba kumva kuti ng'oma ikuyankha gitala, gitala ikuyankha woimba, monga timachitira ku kwaya. Panali nyimbo imodzi yodekha, ya munthu wodikira basi mumvula, imene inandilowa mpaka ndinapezeka ndikuing'ung'udza potsuka makapu kutchalitchi. Mayi wina anandifunsa kuti ili nambala chani m'buku la nyimbo. Ndinati ndi yatsopano.

2006

M'mwezi wa Febuluwale, Lamlungu ine kulibe, a Leni anayesa kutsika okha, n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala kuchipatala miyezi iwiri. Pobwera anali pa njinga ya odwala, ataonda kuposa kale, maso atangotsala pang'ono kutheratu. Pepala la dokotala linabwera latsopano, mawu oyamba ali akuluakulu: masitepe ayi. Kareni anaika loko pachitseko chotsikira pansi, kiyi n'kundipatsa ine kuti ndizitsikako kukasesa. Sindimunena mwanayo. Anali ndi ana ake, ntchito yake, ndipo foni iliyonse yochokera ku Rockville inkamudula mtima. Anaganiza zogulitsa nyumba, bambo ake akalowe kunyumba ya okalamba mu Okutobala, ng'oma zigulitsidwe.

A Leni sanatsutse. Ankadya, kumwa mankhwala, kuthokoza. Koma zala zija zinasiya. Manja ankangokhala pamiyendo ngati a munthu wina, wailesi ikalira osakangana nayo. Ine amene ndinalembapo lipoti lodandaula kuti manja akugwedezeka, tsopano ndinkawayang'ana manjawo ndikupempha Mulungu kuti agwedezeke.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera foni ya a Fulanki, wa gitala uja. Mwa anyamata asanu aja anali atatsala awiriwa. A Fulanki ankakhala ku Ohio, ndipo atamva kuti ng'oma zikugulitsidwa anati akwera basi, afika Loweruka masana ndi gitala, abwerera Lamlungu. Ataika foni, a Leni anati, "Esinala, ndikufuna kutsika." Ndinati ndikweza ng'omazo kuno kuchipinda chochezera, ndizisenza imodziimodzi. Anapukusa mutu. Anati saonanso, ndipo pansi paja chilichonse chili pamene chakhala zaka zonsezi, dzanja limapita lokha. Ndikasuntha ngakhale pang'ono azingomenya mphepo pamaso pa mnzawo. Anati, "Sindikukukakamiza. Ndikudziwa chimene ungataye."

Ndinawaimbira a Dona kupempha chilolezo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ayi, ndipo anawonjeza kuti wodwala akatsika masitepe ine ndilipo, ntchito yatha, mwinanso satifiketi. Madzulo ndinawauza bambo anu. Mukukumbuka chaka chimenecho, msana unali utawagoneka, osagwira ntchito, iwe Tadala uli chaka choyamba ku koleji. Nyumba yonse inali pamutu panga. Bambo anu anati, "Mayi a Tadala, munthuyo ndi wabwino, koma si m'bale wathu. Akagwa m'manja mwanu, tonse tagwa." Sanalakwe. Ndinawayankha kuti ndamva, ndipo ndinapita kuntchito Loweruka lija nditatsimikiza kuti ndikana.

A Fulanki anafika cha m'ma thu koloko, bambo wonenepa, wadazi, woyendera ndodo, akupuma ngati wakwera phiri. Anakumbatirana, kutukwanana mwachikondi, kuwerenga anzawo amene anapita. Kenako a Fulanki anatulutsa gitala n'kuyamba kuiliza pomwepo pa sofa, nati, "Palibe kanthu, Leni, iwe uzingomenya patebulopo." A Leni anati chabwino. Anaika manja patebulo. Nyimbo inayamba, ine ndikuyang'ana pakhomo la khitchini, koma manja aja sanasunthe. Anangoti, "Imba iwe, ine ndimvetsera."

Ndinabwerera m'khitchini n'kuima pasinki. Ndinaganiza za inu, za bambo anu, za a Dona. Ndinaganizanso kuti munthuyu dziko lonse linamumva osamudziwa, ndipo wotsala mmodzi yekha womudziwa wakhala pa sofapo, mawa akukwera basi. Ine ndinali nditamulanda kale Joni. Ndinatsegula chikwama changa, n'kutulutsa chitenje chimene sindiyenda osachitenga, n'kukatsegula loko uja.

Ndinafika patsogolo pa njinga yawo, kuwafulatira, n'kunjuta. Ndinati, "Kwerani." Anati, "Chiyani?" Ndinati, "Kumsana. Mwendo wanu sugunda sitepe ngakhale imodzi." A Fulanki anaseka mpaka gitala inagwa pamiyendo. A Leni anati, "Esinala, ndine mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri." Ndinati, "Amayi anga anali ndi zoposa pamenepo, ndipo ndinawabereka kuchokera kumudzi mpaka kuchipatala, kuwoloka mitsinje iwiri. Inu mukulemera ngati nkhuku. Kwerani, ndisanasinthe maganizo." Anakoleka manja m'khosi mwanga, ndinawakulunga chitenje n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa, n'kuimirira. Zimenezi m'kalasi muja anatiletsa tsiku loyamba, koma m'kalasimo munalibe wina amene anaberekapo munthu wamkulu kumsana.

Ndinatsika chammbali, dzanja limodzi pachitsulo, lina kumbuyo, ndikuwerenga mumtima. Tili pa sitepe yachisanu ndi chimodzi ndinamva kanthu paphewa panga. Zala. Zinkagunda pang'onopang'ono, kutsatira mapazi anga. Miyezi isanu ndi iwiri zili zii, zinadzukira paphewa panga. Ndinati, "A Leni, mundigwetsa," koma mumtima ndinati gundani, bambo, gundani.

Ndisakunamizeni kuti anaimba bwino kuyambira poyamba. Nyimbo yoyamba inali yomvetsa chisoni. Mwendo wothyoka uja sunkatha kuponda ng'oma yaikulu, a Fulanki mawu anali atasasa, ndipo anaima kawiri kukangana kuti walakwitsa ndani. Yachiwiri inayamba kugwirana. Pa yachitatu a Leni anatseka maso opanda ntchito aja, manja n'kumapita okha, kumanzere, kumanja, osaphonya, nkhope ili ngati ya mnyamata woba mango. Ine ndinali pamalo panga. Yomaliza inali ya wodikira basi ija. A Fulanki atafika pokwera mawu anawathawa, ndiye ndinalowapo ine ndi alito yanga ya kwaya, Chingerezi changa chokhotakhota chomwecho. A Fulanki anatembenuka kundiyang'ana kukamwa kuli yasa, koma sanasiye kuimba. Pamapeto a Leni anagwedeza mutu, ine gwi! Chipinda chonse zii. Anati, "Lero sunachedwe." Kenako anatambasula dzanja n'kugwira chivundikirocho pambali pa dzanja langa, tinakhala choncho kanthawi.

Kukwera kunavuta kuposa kutsika, ndipo pofika pamwamba milomo yawo inali itayera. Ndinawagoneka, kuwayeza, kuwapatsa mankhwala, ndikupemphera mosalekeza mpaka mtima wawo unakhazikika. Kenako ndinatenga lipoti. A Fulanki anati, "Mayi, palibe amene waona. Ine ndine wakhungu, uyu ndiye wakhungu weniweni." Ndinagwira cholembera nthawi yaitali. Koma lamulo limodzi ndinali nditaswa kale, ndipo bodza pa wodwala mtima likhoza kupha, dokotala ayenera kudziwa chimene thupi lachita. Ndinalemba kuti: wodwala anatsika masitepe khumi ndi atatu ali kumsana kwanga, anaimba ng'oma nyimbo zinayi, anakweranso ali kumsana kwanga.

Lolemba a Dona anandiitana ku ofesi. Lipoti linali patebulo. Anati, "Kumsana, Esinala? Ndi nsalu?" Ndinati inde. Anati pa zaka zonse zimene agwira ntchito sanawerengepo zotere, ndipo sangandisunge, Kareni wakwiya kwambiri, kampani singaike dzina lake pa zimenezi. Ndinati ndikudziwa, munandichenjeza. Anavula magalasi, n'kunena motsitsa kuti, "Ukanapanda kulemba, ndikanadziwa bwanji?" Ndinati, "Munandiphunzitsa ndinu." Kenako anati nkhani ya satifiketi saipititsa kulikonse, ithera m'chipinda momwemo. Ndikutuluka anandiitana: "Anaimba bwino?" Ndinati poyamba ayi, koma yomaliza inde.

Kunyumba bambo anu sanandiyankhule masiku awiri. Lachitatu lake anandipangira tiyi, n'kunena kuti, "Nanga mzunguyo kumsanako anakwanako bwanji, miyendo yaitali ija?" Tinaseka mpaka msana wawo unawawa. Ndinakhala milungu isanu ndi umodzi popanda ntchito, milungu yowawa, ndipo mukukumbuka kuti chaka chimenecho Khirisimasi tinadya kwa anthu. Kenako ndinapeza malo ku Columbia Heights, kosamalira okalamba masana okha, kumene ndinakhala mpaka kupuma.

2007

A Leni analowa kunyumba ya okalamba monga anakonzera. Ndinkapita kukawaona Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ngati mlendo wamba. Anamwino kumeneko ankadandaula kuti bamboyu amagogoda pa chilichonse, pabedi, pathireyi, pakhoma, anzake osapuma. Ndinkawapepesera, koma mumtima ndinkavina. Anamwalira mu Malichi. A Fulanki anawatsatira chaka chomwecho. Pa wailesi ija, imene mpaka lero ndimatsegula ndikamasita, sananenepo kanthu.

Patapita mwezi, Kareni anagogoda pakhomo pathu. Chiyambire nkhani ija tinali tisanayankhulane. Ananyamula chinthu chokulungidwa m'nsalu yovekera pilo. Anati ng'oma zonse anagulitsa, koma ichi bambo ake anamuuza kuti asagulitse, ndi cha Esinala. Anaima pakhomo akulimbana ndi misozi, n'kunena kuti, "Miyezi yonse yomaliza nkhani yawo inali imodzi, ya tsiku limene munawabereka. Ine sindinawamvepo akuimba ndi a Fulanki. Ndinkati ndi phokoso." Ndinamukokera m'nyumba, tinalira limodzi, n'kumuphikira tiyi. Pochoka anati, "Anatinso ndikuuzeni mawu awa, akuti mumva: musachitsuke."

Ndicho chili pakabaticho. Mukachitsitsa, muyang'ane m'mphepete. Pali malo awiri akuda kuposa pena, oyandikana. Aakuluwo ndi zala zanga, za Lachitatu lililonse. Aang'ono pambali pakewo ndi a Leni, a Loweruka lija. Ndikadzapita, zovala mugawane, mapoto anga mukweche mmene mungafunire, ndidzakondwa. Koma ichi wochitenga achitenge ndi litsiro lake. Ndipo chisamangokhala pamwamba ngati ine ndachisungira. Muzichitsitsa, adzukulu anga azichimenya, phokoso likakukwanani muzichigwira ndi dzanja.